Galu wathu akuuwa usiku wonse ndipo aneba ayamba kudandaula

Mayi wa ku Area 25 analemba:

Moni nonse amene mumawerenga pano. Ndabwera ndi nkhani ya galu wathu, ndipo ndikupempha amene mukudziwa za kasungidwe ka agalu kuti mundiunikire, chifukwa yafika poti ine ndi bambo akunyumba tayamba kusiyana maganizo. Timakhala ku Area 25 m'nyumba ya lendi yomwe ili mumpanda wa njerwa, ndipo kuseri kwa mpandawo kuli nyumba zina zoyandikana kwambiri ndi yathu. Galuyo ndi wamphongo, wa chaka chimodzi ndi theka, ndipo amene anatigulitsa ananena kuti bambo wake ndi German Shepherd pomwe mayi wake ndi galu wamba wa konkuno. Tinamutenga ali kamwana n'cholinga choti azitilondera, popeza m'dera lathu nkhani za akuba othyola nyumba sizisowa.

Masana amakhala m'khola lomwe tinamumangira kuseri kwa nyumba, ndipo timamutsegulira cha m'ma 9 koloko usiku tikatseka geti. Akangotuluka amayamba kuuwa ndipo salekeza mpaka mbandakucha. Amauwa munthu akadutsa mumsewu, amauwa njinga yamoto ya kabaza ikamveka chapatali, amayankhanso galu aliyense wolira kutsidya, ndipo nthawi zambiri tikatuluka ndi tochi sitipeza chilichonse. Aneba athu ali ndi khanda, ndipo mayi ake anandiuza mwaulemu kuti mwanayo sakugona. Eni nyumba nawonso amva, ndipo atichenjeza kuti zikapitirira tidzasankhe pakati pa galu ndi nyumba.

Bambo akunyumba akuti tizimukwapula akayamba phokoso, kapena timupereke kwa abale athu ku Mitundu. Anthu ena andiuza kuti ndizimupatsa mapiritsi a anthu ogonetsa, ena akuti ndigule lamba wa m'khosi wamagetsi amene amamupweteka galu akauwa. Zonsezi mtima wanga sukuzivomereza, chifukwa galuyu ana amamukonda ndipo sanalumepo munthu. Sindikufuna galu wosauwa konse, pakuti tinamutengera ntchito yomweyo, koma ndikufuna auwe pamene pali chifukwa, kenako atonthole. Kodi zimenezi n'zotheka kwa galu amene wakula kale chonchi, ndipo ndiyambire pati?

Bambo woweta agalu, Area 47, anayankha:

Mayi, pepani ndi zimene mukukumana nazozi, koma limbani mtima chifukwa galu wa msinkhu umenewo amasinthika. Ndaweta agalu kwa nthawi yaitali, ndipo pa zonse mwafotokozazi chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti galuyo amakhala m'khola kuyambira m'mawa mpaka usiku. Kasungidwe kameneka kafala muno mu Lilongwe moti ambiri amangokatenga ngati lamulo, poganiza kuti galu wosaona anthu masana ndiye amalusa bwino usiku. Komatu galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14 pa tsiku, ndipo wanuyo tulo take tonse amatimalizira m'kholamo chifukwa alibe china chochita. Pamene inu mukumutsegulira kuti mukagone, iye kwake kwangocha kumene, mphamvu za tsiku lonse zili m'thupi, ndipo njira yokhayo imene ali nayo yozithera ndi kuthamanga m'mbali mwa mpanda akuuwa. Magazi a German Shepherd akuwonjezera vutoli, chifukwa mtundu umenewu unakhazikitsidwa ku Germany mu 1899 kuchokera kwa agalu oweta nkhosa, amene ankayenda ndi kugwira ntchito tsiku lathunthu. Galu wotere akasowa ntchito amadzipezera yekha, ndipo ntchito imene wanuyo wadzipezera ndi yolengeza chilichonse chodutsa.

Mwanena kuti mukatuluka simupeza kanthu. Musaganize kuti galuyo akuuwa mphepo chabe. Khutu la munthu limamva mawu mpaka pa ma hertz 20,000 (hertz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), pomwe la galu limapitirira 40,000, ndipo mphuno yake imagwira fungo limene ife sitingalimve n'komwe. Mphaka woyenda pamwamba pa mpanda, khoswe m'ngalande, galu wamkazi wa nyumba yachitatu, zonsezi iye amazidziwa. Tisaiwalenso kuti mumzinda uno muli afisi amene amayenda usiku, makamaka motsata mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe, ndipo akadutsa agalu a dera lonse amadzidzimuka n'kumayankhizana. Galu amene anazolowera dziko amamva zimenezi, n'kuuwa pang'ono, n'kugonanso. Amene amangodziwa makoma anayi a khola amaona chilichonse kukhala chachilendo ndi choopsa.

Choncho ine ndingayambire masana, usiku ndiusiye kaye. Mutulutseni m'kholamo dzuwa likadalipo, azikhala pabwalo pamene mukuchapa, mukuphika, ana akusewera. Muziyenda naye pachingwe m'mawa kwambiri ndi madzulo, mwina theka la ola ulendo uliwonse, ndipo muzimulola kununkhiza m'mbali mwa msewu, chifukwa kununkhiza kumamutopetsa mutu monga momwe kuthamanga kumatopetsera miyendo. Chingwecho chikhale chachifupi ndipo pewani nthawi imene ana akupita kapena kuweruka kusukulu, pakuti anthu ambiri amaopa agalu ndipo mantha awo tiyenera kuwalemekeza. Akaona kabaza, ogulitsa makala ndi anthu obwera kuchokera kuntchito tsiku ndi tsiku, amayamba kudziwa kuti amenewa ndi anthu a m'dera, ndipo usiku sawawerengeranso.

Onaninso chakudya. Pali ena amene amamana galu chakudya dala ati kuti aluse, koma galu wanjala sagona, ndipo wosagona amauwa. Mupatseni kawiri pa tsiku, ndipo nsima ya mgaiwa isakhale yokhayokha, muzisakanizamo bonya, nyama kapena chakudya cha agalu chogula.

Za kukwapula, chonde auzeni bambo kuti asatero. Galu sangathe kulumikiza chikoti ndi kuuwa kumene anachita mphindi zingapo zapitazo. Chimene amaphunzira n'chakuti mwini wake akamatuluka usiku pali zowawa, ndiye amayamba kuthawa mukamamuitana, ndipo galu wamantha ndi amene tsiku lina amaluma mwana. Kumupereka ku Mitundu nakonso n'kungosamutsa vuto, chifukwa galu wosazolowera nkhuku ndi mbuzi akafika kumudzi amayamba kuzithamangitsa, ndipo mathero ake kumeneko sakhala abwino.

Mlonda wopuma ntchito, Kawale, anayankha:

Ndawerenga zimene alemba bambo a ku Area 47 ndipo zambiri ndikugwirizana nazo, koma ndili ndi nkhawa imodzi imene ndikufuna mayi aimve. Ndagwira ntchito ya ulonda m'nyumba za anthu komanso m'malo osungira katundu ku Kanengo, ndipo ndikudziwa kuti akuba amaopa galu wouwa kuposa mpanda wautali. Galu mukamuzoloweza kwambiri anthu, aliyense n'kumamusisita, aliyense n'kumamupatsa chakudya pamsewu, mutha kupeza kuti wakuba walowa iye akugwedeza mchira. Ndiye ine ndikuti azolowere kuona anthu, koma asazolowere kulandira chakudya kwa mlendo, ndipo pageti pakhalebe malo amene iye akudziwa kuti ndi ake.

Komabe ndivomereze kuti galu wa mayiwa, momwe alilimu, sakulondera. Ali ngati mlonda amene amaimba wezulo usiku wonse, moti tsiku limene akuba adzabweredi palibe adzadzuke, chifukwa makutu a anthu anazolowera kale. Ife alonda timamvetsera kauwidwe. Galu akamauwa motsika, mofulumira, osadukiza, ataima malo amodzi, ubweya wa pamsana utaimirira, pamenepo pali munthu kapena chilombo ndipo muyenera kudzuka. Akamauwa kamodzikamodzi, kupuma, kuuwanso mofanana kwa nthawi yaitali, ameneyo wangosungulumwa. Akamalira mokoka mawu akuyang'ana kumwamba, akuyankha anzake. Mayi, khalani maso usiku wina mumvetsere, mudzadziwa mtundu umene wachuluka kwa galu wanu.

Chinanso chimene anthu sachiganizira n'chakuti galu woyendayenda m'mbali mwa mpanda usiku ndi wosavuta kumupha. Akuba amaponya nyama yothira tameki kudutsa pamwamba pa mpanda, ndipo galu wanjala amaidya pomwepo. Galu wogona pakhonde pafupi ndi chitseko, kapena mkati mwa khitchini, nyamayo siimufika, amamvabe zonse, ndipo akauwa inu mumamumva msanga kuposa aneba.

Wothandiza madokotala a ziweto, Likuni, anayankha:

Mayi, ndiyambe ndi nkhani ya mapiritsi chifukwa ndi imene ingaphe galu wanu mwamsanga. Musamupatse mankhwala alionse a anthu popanda dokotala wa ziweto kukuuzani. Thupi la galu silichotsa mankhwala monga la munthu. Brufen amatha kumuboola chifu ndi kuwononga impso, Panado wochuluka amawononga chiwindi ndi magazi, ndipo mapiritsi ogonetsa, ngakhale atamugonetsa usiku umodzi, sachotsa chimene chikumuuwitsa. N'chimodzimodzinso chamba, tsabola ndi mowa zimene anthu ena amathira m'chakudya ati kuti galu akhale wolusa. Zimenezi zimangomudwalitsa ndi kumusokoneza mutu.

Musanayambe kumuphunzitsa, muyeseni thupi, pakuti galu amene akumva kuwawa kapena kuyabwa sangakhazikike. Yang'anani m'makutu, pakati pa zala ndi m'khosi ngati muli nkhupakupa, chifukwa kuwonjezera pa kuyabwa zimafalitsa matenda otha magazi amene amapha agalu ambiri kuno. Yang'anani nthata pamimba ndi patsinde pa mchira. Agalu a makutu oimirira monga wanuyo amavutikanso ndi ntchentche zoluma nsonga za makutu mpaka kuchita zilonda, makamaka khola likakhala losasesa. Mankhwala a njoka za m'mimba azilandira pafupifupi miyezi itatu iliyonse. Onaninso kholalo: ambiri mwa makhola amene ndimawaona ndi aang'ono, ofoleredwa ndi malata, ndipo mu Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kukutentha kufika pa madigiri 30 kapena kuposa, mkatimo mumatentha moti galu amangopuma wefuwefu tsiku lonse. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga ife, amadziziziritsa ndi lilime, choncho amafunika mthunzi, mpweya wodutsa ndi madzi osatha m'mbale. Mu Juni ndi Julayi vuto limatembenuka, usiku kumazizira kwambiri, ndipo galu wogona pasimenti popanda thumba kapena thabwa amadzuka n'kumayendayenda.

Popeza ndi wamphongo wosafula, mbali ina ya phokosolo ikhoza kukhala ya agalu aakazi. Galu wamkazi amalowa m'nyengo yofuna amphongo pafupifupi kawiri pa chaka, ndipo nyengoyo imatenga milungu iwiri kapena itatu. M'dera lokhala ndi agalu ambiri monga Area 25, pafupifupi nthawi zonse pamakhala wina amene ali m'nyengoyo, ndipo wamphongo wotsekeredwa mumpanda amalira, amakumba pansi pa geti, nthawi zina amakana ndi chakudya chomwe. Kufula kumachepetsa zimenezi ndi mtima wofuna kuthawa. Koma ndisakunamizeni kuti kukathetsa kuuwa konse, chifukwa kuuwa kolondera malo ndi kwa kusungulumwa sikuchokera kumeneko. Ndikudziwa abambo ambiri amakana poopa kuti galu wofula amasanduka wofooka, koma mtima wolondera pakhomo sutha chifukwa cha opaleshoni imeneyi. Bungwe loteteza ndi kusamalira ziweto la LSPCA muno mu Lilongwe lili ndi chipatala cha ziweto ndipo limachita ntchito yofula ndi kutseketsa agalu komanso kupereka katemera, ndipo palinso madokotala ena a ziweto mumzinda uno amene mungakawaone.

Lamba wamagetsiyo sindikukulimbikitsani. Amagwira ntchito pomupweteka galu, ndipo galu sadziwa kuti ululuwo ukuchokera kuti. Akapwetekedwa pamene akuyang'ana mwana wodutsa pageti, akhoza kuganiza kuti mwanayo ndi amene wamupweteka. Ku Wales, m'dziko la Britain, analetsa malamba amenewa mwalamulo mu 2010 chifukwa cha nkhanza yake. Komanso inu mwanena kuti mukufuna aziuwa pakakhala chifukwa, pomwe lambayo sasiyanitsa wakuba ndi mphaka.

Popeza mwalangizidwa kuti muziyenda naye kunja, onetsetsani kuti analandira katemera wa chiwewe. Mwana wa galu amabayidwa ali ndi miyezi itatu, ndipo kuno timalangiza kubwereza chaka chilichonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi anthu 99 mwa 100 alionse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo zizindikiro zikangoyamba munthu sachira. Pa 28 Sepitembala dziko lonse limakumbukira za matendawa. Musachite mantha kuti kuuwa kwa galu wanu ndi chiwewe, chifukwa galu wa chiwewe amafa m'masiku pafupifupi 10 chiyambire kuonetsa zizindikiro, pomwe wanuyo wakhala akuuwa kwa nthawi yaitali. Chimene chiyenera kudetsa nkhawa ndi galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, mawu ake asasa, akuchucha dovu, akuluma mitengo ndi miyala. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa ndi galu wosadziwika, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Mayi wa ku Area 25 analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndinamvetsera monga analangizira bambo a ku Kawale, ndipo ndaona kuti kuuwa kwambiri kumachitikira pageti. Geti lathu lili ndi mpata waukulu pansi ndi timipata m'mbali, ndipo iye amagona pamenepo akuyang'ana mapazi a anthu ndi magetsi a galimoto. Kuuwa kwina ndi kwa pakati pa usiku pansi pa zenera la kuchipinda kwathu, ndipo kumeneku amasiya pokhapokha wina akatsegula zenera n'kumukalipira, koma pakapita nthawi pang'ono amayambiranso. M'makutu ndapezamodi nkhupakupa, ndipo tapangana kuti tipite naye kwa dokotala kumapeto kwa mwezi. Bambo avomera kusiya chikoti, koma za kufula sanavomerebe. Chimene sindikumvetsabe ndi mmene munthu angaphunzitsire galu kuti atonthole akauzidwa, popeza ndikamukuwira kuti akhale chete m'pamene amawonjezera.

Mayi wophunzitsa agalu, Area 18, anayankha:

Achemwali, zimene mwaonazo n'zothandiza kwambiri, chifukwa mwapeza kuti muli ndi mitundu iwiri ya kuuwa, ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake.

Ndiyambe ndi wa pageti. Nthawi iliyonse imene munthu wadutsa, galu amauwa, munthuyo n'kupitirira ulendo wake, ndipo m'mutu mwa galu zimakhala kuti iye ndi amene wamuthamangitsa. Chifukwa cha ichi amapambana usiku uliwonse kambirimbiri, ndipo khalidwe lopambanitsa galu limakula lokha popanda womuphunzitsa. Tsekani mpata wa pansiwo ndi thabwa kapena lata, ndipo timipata ta m'mbali muphimbe ngakhale ndi mphasa. Ngati n'kotheka, dulani bwalo ndi waya kuti usiku asamafike pageti, azikhala mbali ya khonde monga anenera bambo a ku Kawale. Ichi chokha chimachepetsa phokoso musanaphunzitse kalikonse.

Kukuwa kumawonjezera chifukwa galu akamva inu mukukweza mawu amaganiza kuti mukumuthandiza kuthamangitsa mdani. Phunziro la kutonthola limayambira masana, pamene mtima wake uli pansi. Konzani tizidutswa ting'onoting'ono ta chinthu chimene amachikonda kwambiri, monga chiwindi chophika kapena bonya, ndipo tikhale tosapezeka m'mbale yake ya tsiku ndi tsiku. Tumani mwana akagogode pageti pang'onopang'ono. Mulole galu auwe kawiri kapena katatu, kenako pitani pafupi naye mosathamanga, yang'anani kugeti kuti aone kuti mwamva, ndipo nenani mawu amodzi ndi liwu lotsika, monga akuti "chete". Ikani kachidutswako pafupi ndi mphuno yake. Galu sangathe kununkhiza ndi kuuwa nthawi imodzi, ndiye adzatseka pakamwa, ndipo pamenepo, m'sekondi imodzi kapena ziwiri, mupatseni ndi kumuyamikira. Nthawiyi ndi imene ambiri amaiphonya. Mukachedwa n'kumupatsa atayambiranso kuuwa, ndiye kuti mwamulipira chifukwa cha phokoso.

Bwerezani kwa mphindi zisanu kapena khumi, kawiri pa tsiku, osapitirira pamenepo chifukwa akatopa saphunziranso. Akayamba kumva, talikitsani nthawi imene ayenera kukhala chete asanalandire, kuyambira masekondi awiri, kenako asanu, kenako khumi. Kenako muzinena mawuwo dzanja lili lopanda kanthu, mphotho n'kuitulutsa m'thumba pambuyo pake. Mukatero wonjezerani chovuta: kugogoda kwamphamvu, munthu amene galuyo samudziwa bwino, kenako nthawi ya chisisira, ndipo pomaliza usiku weniweni. Mukaona kuti akulephera, musakwiye, bwererani pa sitepe imene ankaikwanitsa. Ndimakondanso kuwonjezera phunziro lachiwiri, loti akauzidwa "chete" apite pathumba lake la pakhonde akagone, chifukwa galu amamva msanga mukamuuza choti achite kusiyana ndi kungomuletsa. Pamapeto pake mumakhala ndi chimene mwapempha chija: amauwa kukudziwitsani, inu mumayankha, iye amadziwa kuti nkhaniyo yafika kwa mwini wake ndipo amasiya.

Kuuwa kwa pazenera n'kosiyana. Kumeneko sakulondera, akukuitanani. Galu ndi nyama yokhalira pagulu, ndipo kwa amene wakhala yekha tsiku lonse, ngakhale kukalipiridwa n'kwabwino kuposa kusaona munthu. Mukatsegula zenera mumamupatsa chimene amafuna. Apa njira ndi yoti musayankhe konse, osatsegula, osayatsa nyale, osalankhula, koma zimenezi zimagwira ntchito pokhapokha ngati masana wapeza nthawi yokwanira yokhala nanu. Ndikuchenjezeni kuti masiku oyambirira adzauwa kwambiri kuposa kale, poyesa kuona ngati njira yake yakale yafadi. Mukagonja pa nthawi imeneyo n'kutsegula, mwamuphunzitsa kuti azilimbikira. Ngati simungathe kupirira chifukwa cha khanda la aneba, ndipo ine ndikuona kuti khandalo liyenera kuganiziridwa poyamba, mugonekeni m'khitchini kapena m'chipinda chosungira katundu kwa milungu ingapo, atayenda madzulo ndi kudya. Mupatseni fupa lalikulu la ng'ombe losaphika kuti azitafuna, chifukwa kutafuna kumatsitsa mtima wa galu, koma mafupa ophika, makamaka a nkhuku, musamupatse chifukwa amasweka mosongoka n'kumubaya m'matumbo.

Pakhomo ponse mugwirizane mawu amodzi ndi njira imodzi: bambo, ana, wantchito ngati alipo. Wina akamati "chete", wina "iwe", wina n'kumagenda mwala, galuyo sangadziwe chimene chikufunika. Kholalo musaligwiritse ntchito ngati chilango, lizikhala lotsegula kuti azilowamo akafuna kupuma, ndipo muzilitseka pokhapokha pakabwera alendo. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo n'zoona kuti nthawi yabwino kwambiri yozoloweza galu anthu ndi phokoso ndi pamene ali ndi milungu 3 mpaka 12, koma wa chaka ndi theka amaphunzirabe bwino, kungoti amafuna kuleza mtima. Yembekezani kusintha m'milungu ingapo, koma kuti chizolowezi chikhazikike pamafunika miyezi.

Pitaninso kwa aneba aja ndi kwa eni nyumba mukawauze zimene mwayamba kuchita, ndipo muwapemphe kuti azikuuzani nthawi imene galuyo wauwa, makamaka pamene inu mwachoka. Munthu amene wauzidwa amapirira mosiyana ndi amene akuganiza kuti dandaulo lake lanyozedwa, komanso iwo adzakuthandizani kudziwa ngati phokoso likuchepadi. Muwapemphenso ana a m'dera kuti asamagogode geti dala kapena kumugenda, chifukwa zimenezo zimafafaniza ntchito yonse.

Bambo woweta agalu, Area 47, anawonjezera:

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Area 18, ndipo ndingowonjezera za nyengo imene ikubwerayi. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala kumabwera mabingu ndi ziphaliwali, kenako makombola a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, ndipo agalu ambiri amene anali atayamba kusintha amabwerera m'mbuyo m'masiku amenewa. Kuuwa kwa nthawi imeneyo ndi kwa mantha, ndipo mudzakuzindikira poona mchira utalowa pakati pa miyendo, makutu atagona, thupi likunjenjemera. Pamenepo mawu akuti "chete" sagwira ntchito, ndipo musamukakamize. Mulowetseni m'nyumba mabingu asanafike, tsekani mazenera, tsegulani wailesi motsika, ndipo akafuna kubisala pansi pa tebulo musiyeni. Musamumange pa unyolo usiku wa makombola, chifukwa agalu ena amadzipotokola khosi poyesa kuthawa, ndipo onetsetsani kuti geti latsekedwa bwino.

Za kufula, musalimbane ndi bambo pakali pano. Mukapita kwa dokotala kumapeto kwa mwezi, pitani nawo limodzi kuti akafunse okha mafunso awo, ndipo mukatenge khadi la katemera kuti dokotalayo akaone ngati wa chiwewe sanapitirire nthawi yake musanayambe kuyenda naye mumsewu.